Mpendadzuwa Wobala Pansi: Yankho kwa Mkulu Amene Anatifunsa

Achikumbi anzathu, mwezi wa Okutobala ukafika palibe mwini ng'ombe amene agona tulo tabwino. Udzu wa kudambo watha, wina wapsa ndi moto wa osaka mbewa, mapesi a m'munda anadyedwa kale mu Julaye ndi Ogasiti, ndipo ng'ombe zimene zinali zonenepa pa masika tsopano nthiti zake ziwerengeka munthu ali chiimire patali. Choipa koposa n'chakuti nthawi yomweyi ndiyo ng'ombe zapagoli zifunika mphamvu, pakuti zili kukoka ngolo za manyowa ndi mitengo ya zigafa, ndipo mvula ikangogwa zidzafunika kumunda. Nkhumba nazo zili kulira m'khola usana ndi usiku, chifukwa chimanga chikachepa m'nkhokwe madeya achepanso.

Pa msonkhano wina wa achikumbi umene tinachititsa patsinde pa kachere, mkulu wina anaimirira nati, "Alangizi, mwana wanga amene ali kusukulu ya zaulimi wandiuza kuti ku Ulaya kuli mbewu yobzala kamodzi kokha. Pamwamba ng'ombe zidya masamba, pansi nkhumba zidya mbatata zake, ndipo mbewuyo siifa. Nanga inu bwanji simunatiuze? Kapena mwaibisa kuti mulime nokha?" Anthu anaseka, ifenso tinaseka, koma funsolo linali lanzeru, ndipo silinali loyankha ndi mawu awiri dzuwa lili kulowa. Tinalonjeza kuti tidzayankha m'nyuzi ino, kuti ndi ena amene sanafike pa msonkhanowo amve nawo.

Mwana uja sananame. Mbewuyo ilipo ndithu. Angelezi aitcha Jerusalem artichoke, ndipo ophunzira za zomera aitcha Helianthus tuberosus. M'chinenero chathu ilibe dzina, chifukwa makolo athu sanailime, tsono ife m'nkhani ino tiziitcha mpendadzuwa wambatata, pakuti ndi mbale weniweni wa mpendadzuwa woyenga mafuta uja. Ikakula bwino ifika mamita 2 kapena 3. Tsinde lake ndi masamba ake n'zokhakhala, za tiubweya tolasa, ndipo maluwa ake ndi achikasu, ofanana kwambiri ndi a deliya wa m'mbali mwa misewu yathu. Kusiyana kwake kuli pansi. Mpendadzuwa wathu chuma chake chili kumutu, m'njere. Koma mbewu iyi chuma chake ichibisa m'nthaka, m'mene ibala mbatata za mfundomfundo zonga jinja, zina zoyera, zina zofiirira. Wolima sabzala njere ayi, abzala mbatata zomwezo, monga tichita ndi kachewere.

Dzina lake ndi kwawo

Dzina lake lisakusokeretseni. Mbewuyi siinachokere ku Jerusalem, mzinda umene tiuwerenga m'Buku Lopatulika, ndipo sifanana ndi artichoke, ndiwo ina ya ku Ulaya imene anthu adya duwa lake lisanamasule. Kwawo kwenikweni ndi ku North America, kumene eni dziko anali kuilima Azungu asanafike. Mfalansa wina woyenda panyanja, dzina lake Samuel de Champlain, anaiona m'minda ya anthu a ku Cape Cod m'chaka cha 1605, ndipo ndiye ananena kuti kukoma kwake kunga kwa artichoke. Patapita zaka zowerengeka inafika ku France, ku Italy ndi ku England. Ambiri aganiza kuti mawu akuti Jerusalem anabadwa pamene Angelezi analephera kutchula girasole, ndilo dzina la mpendadzuwa m'chinenero cha ku Italy. Afalansa nawo anaphonya. Iwo aitcha topinambour, kutengera anthu a mtundu wa Tupinambá a ku Brazil amene anatengedwa kukaonetsedwa ku Paris mu 1613, ngakhale mbewuyi ilibe chibale ndi dziko la Brazil. Tisawaseke kwambiri, pakuti ifenso kachewere timtcha mbatata ya Airishi, chonsecho kwawo ndi kumapiri a Andes ku South America.

Poyamba inali chakudya cha anthu olemera, koma ulemerero wake sunakhalitse. Mngelezi wina wodziwa za zomera, John Goodyer, atailawa analemba mu 1621 kudandaula za mpweya umene inamdzaza nawo m'mimba, naiweruza kuti iyenera nkhumba. Kachewere atafala mu Ulaya, mbewuyi inatsikadi kunka kukhola, ndipo kumeneko ndiko inapeza ntchito yake yeniyeni. Ku France, makamaka m'chigawo cha Limousin ndi madera oyandikana nacho, kumene nthaka ndi yosauka, alimi anali kuilima maekala ambirimbiri, nanenepetsa nayo ng'ombe, nkhosa ndi nkhumba m'miyezi ya chisanu pamene kubusa kulibe msipu. Pa nkhondo yaikulu ya 1939 mpaka 1945, asilikali a ku Germany atalowa m'dzikomo ndi kutenga kachewere, anthu a m'mizinda anadya chakudya cha ziwetochi tsiku ndi tsiku mpaka chinawakola, kotero kuti nkhondo itatha ambiri sanafune kuchionanso pa mbale.

Tsono imvani chimene chinachitika pambuyo pake, pakuti ndipo pali phunziro kwa ife. Kuyambira zaka za m'ma 1960 alimi a ku France anayamba kuisiya mbewuyi, ndipo lero minda yake yatsala yochepa. Siinagwidwe ndi matenda, ndipo ng'ombe sizinaikane. Inalemetsa ntchito. Mbatata za mfundomfundo zivuta kukumba ndi makina, zimata dothi, zifuna kutsuka, ndipo wokumbayo akumba m'matope ozizira miyezi yonse ya chisanu. Chimene chinalowa m'malo mwake ndi chimanga chomwechi chimene inu mulima, chodulidwa chili chachiwisi ndi kusungidwa m'nkhuti kuti chikhale sayileji. Anthu amene anaidziwa mbewuyi zaka mazana atatu anaona kuti chimanga chiwapatsa chakudya cha ng'ombe ndi thukuta lochepa.

Tiwerenge matumba

Ife amene tinaimapo pa bolodi ndi choko sitikhulupirira mawu akuti "zambiri" tisanawerenge. Kumaiko ozizira, munda wosamalidwa mwa nthawi zonse upatsa matani 16 mpaka 20 a mbatata pa hekitala, ndiko kunena matani 6 ndi theka mpaka 8 pa ekala. Titenge chiwerengero chachikulucho. Matani 8 ndiwo matumba 160 a makilogalamu 50. Munthu akamva matumba 160 pa ekala imodzi mtima udumpha. Koma dulani mbatata imodzi muifinye: pa magawo 10 alionse, pafupifupi magawo 8 ndi madzi. Tikachotsa madziwo, pa matumba 160 aja patsala chakudya chenicheni chokwana matumba 32, kapena 40 mbatata zikakhala zokhwima bwino. Mchikumbi wosamala chimanga cha haibulidi, wothira manyowa ndi feteleza pa nthawi yake, angathe kukolola matumba 25 kapena 30 a chimanga chouma pa ekala yomweyo, napezanso mapesi ndi madeya. Mbewu yachilendoyi ipambana, inde, koma siipambana monga mwa mbiri yake, ndipo matumba 160 aja afuna wowakumba ndi khasu, wowasenza ndi wowatsuka.

Chakudya cha m'mbatatazi nachonso n'cha mtundu wina. Chinangwa, mbatata ndi chimanga zisunga mphamvu yake mu ufa umene ophunzira autcha sitachi. Mbewu iyi isunga mphamvu mu chinthu chotchedwa inulini, chimene mimba ya munthu ndi ya nkhumba siingathe kuchigaya yokha. Chitsika chosagayika mpaka kumatumbo aakulu, ndipo kumeneko tizilombo tosaoneka ndi maso timene tikhala m'matumbo ndito tichiphwanya, ndi kutulutsa mpweya umene unamsautsa Goodyer uja. Chifukwa chake nkhumba yaikulu, imene matumbo ake akhwima, ipindula nazo bwino, koma ana a nkhumba ongoleka kuyamwa akadya zambiri atsegula m'mimba nabwerera m'mbuyo. Ndiponso mbatatazi zili ndi zakudya zomanga thupi zochepa. Nkhumba yodya izi zokha ikhuta koma siikula msanga. Ifuna madeya, soya wokazinga, kapena zotsalira poyenga mafuta a mpendadzuwa.

Ng'ombe, mbuzi ndi nkhosa, popeza ndi zobzikula, zigaya inulini mosavuta m'chifu chake chachikulu. Ngozi yake ndi yakuti zigaya msanga kopitirira. Ng'ombe yanjala ya mu Okutobala ikapatsidwa dengu lodzaza tsiku loyamba, chakudyacho chisasa m'mimba monga mowa, mimba itupa, ng'ombe iyenda dzandidzandi, ndipo ingathe kufa, monga ichita ikaba chimanga m'nkhokwe. Alimi a ku Ulaya anaphunzira kuyamba ndi pang'ono, kuonjeza pang'onopang'ono kwa milungu iwiri, ndi kupatsa udzu wouma poyamba kuti ng'ombe isadye mbatata m'mimba muli zii. Mbatata zitsukidwe, zoola zitayidwe, ndipo zazikulu ngati dzira ziduliwe, chifukwa ng'ombe yaphuma imeza yathunthu n'kutsamwa.

Mapanga awiri avumbwitsa

Tibwere tsopano pa mawu a mkulu uja akuti pamwamba ng'ombe zidya, pansi nkhumba zidya. Zonse ziwiri n'zoona, koma sizichitika mokwanira pa phando limodzi m'chaka chimodzi. Mbewuyi ili ndi khalidwe lake lachilendo. Miyezi yoyamba, shuga amene masamba apanga ndi dzuwa siimtumiza pansi msanga, imsunga m'tsinde. Ikayamba maluwa ndipo iyamba kutsitsa chumacho kunka ku mbatata, ndipo mbatata zikula kwenikweni m'milungu yotsiriza, pamene masamba ali kufota. Tsinde ndilo nkhokwe yoyembekezera.

Onani tsono vuto lake. Masamba ndi mitengo zili zabwino kwa ziweto pamene zili zanthete, maluwa asanamasule. Nthawi imeneyo masamba ali ndi zakudya zomanga thupi zambiri, mbuzi ndi akalulu awakonda, ndipo ng'ombe, ngakhale ziyamba zanyansidwa ndi ubweya wake, zizolowera. Mitengoyo, popeza ili ndi shuga, ipanga sayileji wabwino ikaduladulidwa ndi kupondedwa m'nkhuti. Kumaiko ozizira adula matani 7 mpaka 11 a zaziwisi pa ekala. Koma mukadula nthawi imeneyo mwagwetsa nkhokwe chuma chisanatsike, ndipo pansi mudzapeza timbatata tating'ono towerengeka. Mukadikira kuti mbatata zikhwime, masamba ayoyoka, ndipo mitengo yauma gwa ngati nkhuni, yoti ng'ombe ingoinunkhiza n'kupita. Wofuna zonse ziwiri apeza theka la ichi ndi theka la icho. Mchikumbi asankhe asanabzale: munda uwu ngwa masamba a ng'ombe, kapena ngwa mbatata za nkhumba.

Ndipo ngati asankha masamba, tinene poyera kuti nsenjere iuposa. Nsenjere ikonda kutentha kwa kuno, idulidwa kangapo pa chaka, iphuka yokha, ndiponso igwira nthaka pa akalozera. Kumene mbewu yachilendoyi ingakhale ndi mawu ndi ku mbatata zake, makamaka kwa woweta nkhumba.

Dzuwa la kuno si la ku France

Chimene chinaikweza mbewuyi ku Ulaya ndi chisanu. Khungu la mbatata zake n'lopyapyala ngati pepala, ndipo zikakumbidwa zifota m'masiku owerengeka. Siziikidwa m'nkhokwe monga chimanga, kapena kuyanikidwa monga makaka. Koma zikasiyidwa m'nthaka yozizira zigona tulo miyezi yonse ya chisanu osaola, ngakhale madzi aume ngati mwala pamwamba pake. Mlimi wa ku Limousin anali kukumba za masiku awiri kapena atatu, zotsala nazisiya pansi. Nthaka ndiyo inali nkhokwe yake.

Kuno njala ya ziweto siifika ndi chisanu, ifika ndi dzuwa. Mbewu yobzalidwa mu Disembala ikhwima cha mu Epulo, pamene msipu uli wambiri ndipo palibe chiweto chili kulira. Kuti ithandize mu Okutobala iyenera kudikira miyezi 6 m'nthaka imene iyamba yazizira, kenaka iuma ndi kutentha ngati phale, m'mene muli chiswe, mbewa ndi mfuko, ndiponso nungu ndi nguluwe kwa amene ayandikana ndi thengo. Mbatata ya khungu lopyapyala, yodzala madzi ndi kutsekemera, siingapirire zonsezi monga chipirira chinangwa.

Palinso nkhani ya utali wa tsiku. Mitundu yambiri ya mbewuyi iwerenga maola a dzuwa. Masiku akakhala aatali imera msinkhu ndi masamba. Akayamba kufupika idziwa kuti chisanu chayandikira, ndipo ichita maluwa ndi kubala pansi. Pakati pa France, m'mwezi wa Juni, dzuwa likhala kumwamba maola oposa 15. Kuno tsiku lalitali koposa, la mu Disembala, lili pafupi maola 13, ndipo lalifupi, la mu Juni, pafupi maola 11. Kwa mbewuyi masiku athu onse ndi aafupi. Ifulumira kuchita maluwa isanatalike, ndipo zokolola zake, za pamwamba ndi za pansi zomwe, sizifika pa ziwerengero za ku Ulaya zija. Kuonjeza apo, mbatata za mitundu yambiri sizimera bwino zisanapyole m'nyengo yozizira, kotero kuti kusunga mbewu ya chaka chamawa ndi ntchito payokha.

Sitinena kuti m'maiko otentha siimera. Ku Thailand, dziko lotentha kuposa kwathu, aphunzitsi a pa Khon Kaen University akhala zaka zambiri ali kusankha mitundu yoyenera kumeneko, ndipo alimi aikolola patapita miyezi ngati 4, naitcha kaentawan. Koma taonani kuti anayamba ndi kusankha mtundu, osati kungotola mbatata iliyonse yochokera kunja. Kwathu kuno malo amene afanako ndi kwawo kwa mbewuyi ndi okwera ndi ozizira, kumene kachewere achita bwino, monga ku Dedza, ku Tsangano ndi pa Viphya. Ku chigwa cha Shire ndi m'mbali mwa nyanja tisadzivute.

Mbewu yosafa m'munda wa fodya

Mawu amene anakondweretsa mkulu uja koposa ndi akuti mbewuyi siifa, ndipo ndi mawu omwewo amene atiopsa ife. Ngakhale mukumbe mosamala chotani, timbatata tina titsala m'nthaka, ndipo kachidutswa kalikonse kokhala ndi diso kamera. Khasu ndi pulawo siziipha koma kuifalitsa. Inu amene munalimbanapo ndi dawe kapena kapinga m'munda mudziwa chimene tili kunena. Ku America ndi ku Canada, alimi a chimanga ndi soya aiwerenga pakati pa udzu woipa, chifukwa imera msanga, italika, iphimba mbewu ndi kulanda chinyezi. Maiko ena a ku Ulaya, monga Switzerland ndi Czech Republic, aiika m'gulu la zomera zobwera zimene zilanda malo m'mbali mwa mitsinje, kumene madzi osefukira anyamula mbatata ndi kuzibzala kutsidya ndi kumunsi. Namasupuni wa mu Shire nayenso ndi mlendo wochokera ku South America, ndipo anthu anamfalitsa m'maiko chifukwa cha duwa lake lokongola.

Kwa wolima fodya pali chifukwa chachiwiri. Mdani wamkulu wa mbewuyi m'maiko otentha ndi chuku choyera cha m'nthaka chotchedwa Sclerotium rolfsii, chimene chioletsa tsinde pamene likhudzana ndi dothi, ndi kuoletsanso mbatata. Ku Thailand ndicho chivuta alimi koposa. Chuku chimenechi sichisankha. Chigwira fodya, mtedza, nyemba ndi matimati, ndipo timbulumbulu take tonga njere za mpiru tikhala m'nthaka zaka zingapo kudikira. Ife takhala tili kukuphunzitsani kasinthasintha wa mbewu, kuti fodya asabwerere pa malo amodzi zaka zotsatana, koma pakati pabwere chimanga kapena udzu kuti matenda afe ndi njala. Mbewu yokana kuchoka m'munda, imenenso idyetsa matenda a fodya ndi mtedza chaka ndi chaka, iononga dongosolo lonselo. Chifukwa chake tinenetsa: m'munda wa chimanga, wa fodya kapena wa mtedza, ndiponso pafupi ndi nazale, mbewuyi isalowemo.

Za anthu ogulitsa mbewu

Tikuuzeni nkhani ina ya kutali, chifukwa tsiku lina ingathe kufika pakhomo panu itavala malaya ena. M'chaka cha 1981, alimi a chimanga a ku America anali pa mavuto a ngongole ndi mitengo yotsika. Pamenepo m'tauni ya Marshall, m'chigawo cha Minnesota, munabuka kampani yotchedwa American Energy Farming Systems, imene inayamba kulalikira kuti mbewu yomweyi ndiyo idzapulumutsa alimi. Anati idzayengedwa kukhala mafuta oyendetsera galimoto, idzapangidwa shuga, idzadyetsa ziweto. Misonkhano yawo inali ndi mapemphero, ndipo anthu oopa Mulungu anakhulupirira. Alimi ambiri anagula mbewu pa mtengo wokwera, ena ndi ndalama zangongole, atauzidwa kuti zokolola zawo zidzagulitsidwa monga mbewu kwa alimi ena obwera m'mbuyo. Oyamba anapezadi ndalama, ndipo ndiwo anakopa anzawo. Koma msika weniweni wogula matani onsewo kunalibe. Wogula anali mlimi mnzawo wofuna kubzala. Ofuna kubzala atatha, zonse zinagwa. Mu 1983 kampaniyo inatha ndi ngongole, atsogoleri ake anaimbidwa milandu, ndipo alimi anatsala ndi minda yodzala mbewu imene sakanatha kuigulitsa, ndiponso yovuta kuichotsa.

Mbewuyo inalibe mlandu. Inamera monga mwa chibadwa chake. Koma munthu akadza kwa inu ndi mbewu yachilendo, iyi kapena ina iliyonse, nati gulani kwa ine ndipo ndidzakugulani zokolola, mumfunse kuti iye akagulitsa kwa yani, ndipo ameneyo akachita nazo chiyani. Fodya tidziwa kumene apita, chimanga tidziwa amene achidya. Yankho likakhala lakuti zokolola zanu zidzakhala mbewu ya anzanu, bwezani ndalama m'thumba.

Wofuna kuyesa

Ngati pali mchikumbi wa kumalo okwera, woweta nkhumba, amene mtima wake ufunabe kuyesa, ife sitimletsa. Kuyesa ndiko kunatibweretsera mbewu zambiri zimene tidya lero. Koma ayambe kwa mlangizi wa dera lake, kuti amfunsire kumalo a kafukufuku monga Chitedze kapena Bvumbwe. Mbewu yochokera kunja kwa dziko ifuna chilolezo cha Boma ndi kuyezedwa, ndipo amene anaona nthochi zikutha ndi matenda a chisaka adziwa chimene mbewu yoyenda m'manja popanda kuyezedwa ingachite.

Malo akhale aang'ono, mamita 10 m'litali ndi 10 m'lifupi, pafupi ndi khola la nkhumba, kutali ndi mtsinje, pa nthaka yotayana imene siisunga madzi. Ngati ndi kudimba, kukhale kumtunda kumene madzi osefukira safika. Athire manyowa okwanira ndi phulusa, chifukwa mbewuyi idya potashi wambiri. Mizere italikirane masentimita 90, mapando masentimita 45, ndipo pa phando lililonse aike mbatata imodzi yonga dzira la nkhuku, kuya kwake masentimita 10. Imeneyo ndi mizere 11 ya mapando 22, pamodzi mapando 242, ndipo mbewu yake ndi makilogalamu ngati 12 basi. Apalire kawiri pachiyambi. Ikakula iphimba udzu yokha. Mizere ina adule masamba maluwa asanamasule, ina aisiye mpaka iume, ndipo ayeze pa sikelo zimene apeza uku ndi uku. Pambali pake abzale mbatata yathu ya kholowa pa malo ofanana, naiyezenso, pakuti mbatata imeneyo ipatsa nkhumba masamba ndi mizu yomwe, ndipo ana a pakhomo adyako.

Mpanda ukhale wolimba. Ubwino umodzi woona wa mbewuyi ndi wakuti nkhumba zikumba zokha, ndipo mwini apumula ntchito imene inatopetsa Afalansa. Alowetse nkhumba zazikulu m'chigawo chimodzi maola owerengeka pa tsiku, madzi ndi mthunzi zili pomwepo, ndipo madzulo azipatsebe madeya. Koma nkhumba yotuluka mumpanda ndi kusakanikira ndi za m'mudzi ingabwere ndi chigodola, matenda amene alibe mankhwala ochiza ndipo atha khola lonse m'masiku ochepa. Tsiku limene adzafuna kuichotsa mbewuyi, alowetse nkhumba zifukule mpaka zitope, ndipo mvula ikagwa adule mphukira zonse zikafika m'mawondo, kubwerezabwereza, kuti mbatata zakale zithe mphamvu zatsopano zisanabadwe. Ntchito imeneyi itenga zaka ziwiri kapena kuposa, ndipo pa zaka zimenezo pasabzalidwe fodya kapena mtedza.

Sabata yapitayi tinakacheza kwa mkulu uja kuti timuuze zonsezi pamaso, nkhani isanasindikizidwe. Tinakhala pakhonde, ndipo anamvetsera mpaka kumapeto osatidula. Pambuyo pake tinayenda naye m'munda. Masangwi a mtedza, amene aposa mapesi kutali pa zakudya zomanga thupi, anali atawasiya pansi chikololere, ndipo chiswe chinali chitamaliza. Pa akalozera panalibe nsenjere ngakhale phata limodzi. Kumalire kunali misangu iwiri ikuluikulu, ndipo ng'ombe za mnansi wake ndizo zinali kutola nyemba zake zogwa. Iye anayang'ana, napukusa mutu, naseka yekha.

Tinapangana kuti mvula ikagwa abzala nsenjere pa akalozera atatu ndi lukina kuzungulira khola, ndipo pa masika amanga nsanja yofolera ndi udzu, yosungirapo masangwi ndi mapesi. Za mpendadzuwa wambatata anati adikira mwana wake abwere pa holide. "Akapeza mbewu yoyezedwa ndimpatsa malo kuseri kwa khola la nkhumba," anatero, "koma mpanda amanga yekha, ndipo sikelo mubweretsa ndinu, Alangizi."